Vape yokhalitsa pa ndalama zochepa: zimene wosiya ndudu ayenera kudziwa

Kuyambira pa 1 Juni 2025, ndi mlandu ku Britain kugulitsa vape yogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya. Lamuloli linayamba tsiku limodzi ku England, Scotland, Wales ndi Northern Ireland, ndipo timachubu tamitundumitundu ta Elf Bar ndi Lost Mary, timene tinkandandalikidwa pakauntala m'kagolosale kalikonse, tinachotsedwa. Dziko la Belgium linali litaletsa kale mu Januwale chaka chomwecho, France n'kutsatira mu Febuluwale.

Zifukwa zake zinali ziwiri. Choyamba ndi ana asukulu, amene ankakopeka ndi timachubuti chifukwa chotsika mtengo komanso kununkhira ngati maswiti. Chachiwiri ndi zinyalala. Bungwe la Material Focus linapeza mu 2023 kuti ma vape pafupifupi 5 miliyoni ankatayidwa sabata iliyonse m'dzikolo. Iliyonse inali ndi batire la lithium m'kati, ndipo mabatire amenewa akaphwanyidwa m'galimoto zotola zinyalala amabutsa moto.

Lamuloli linakhudzanso gulu lina limene silitchulidwa kawirikawiri: akuluakulu amene anasiya ndudu mothandizidwa ndi timachubu tomweti. Ena mwa iwo ndi abale athu amene amagwira ntchito usiku m'nyumba zosamalira okalamba ndi m'mawerehausi, anthu amene paundi iliyonse ili kale ndi ntchito yake, ina ya lendi, ina ya fizi ya ana kumudzi. Munthu wotereyu akufuna chipangizo cholowa m'malo, choti chisamuthere ndalama komanso chisamufere m'manja pakatha milungu itatu. Chikafa usiku, ndudu zili pafupi, ndipo paketi imodzi ku Britain imaposa mapaundi 14. Choncho kusankha bwino kumateteza thumba ndi mapapo omwe.

Tinene poyambirira: nkhani ino ndi ya munthu wamkulu amene amasuta kapena anasiya kusuta. Amene sanasutepo asayambe vape. Palibe phindu lililonse limene angapezemo.

Muli chiyani m'katimo?

Vape ya masiku ano inayamba ndi Hon Lik, katswiri wa zamankhwala wa ku China, amene anaipanga mu 2003. Iye ankasuta kwambiri, ndipo bambo ake, amenenso ankasuta, anamwalira ndi khansa ya m'mapapo. Lero ma vape ambiri a padziko lonse amapangidwa mumzinda wa Shenzhen, ndipo ngakhale maonekedwe ake ndi osiyanasiyana, m'kati mwake muli zinthu zomwezomwezo.

Muli batire. Muli kathanki ka madzi, kamene m'zipangizo zing'onozing'ono amakatcha pod. Muli koyilo, kawaya kapena kasefa kachitsulo kokutidwa ndi thonje. Mukakoka mpweya, batire limatenthetsa koyilo, madzi amene thonje lamwa n'kusanduka nthunzi. Madziwo ndi osakaniza propylene glycol, glycerine, zonunkhiritsa ndi nikotini, amene nthawi zambiri amachokera m'masamba a fodya. Palibe chimene chimayaka moto, n'chifukwa chake mulibe phula ndi mpweya wa carbon monoxide, zinthu zimene zimavulaza kwambiri osuta ndudu.

Ziwalo zimenezi sizikalamba mofanana, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Koyilo imatha msanga, kawirikawiri pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, malinga ndi kakokedwe kanu. Ikatha mumadziwa: kukoma kumazilala, kenako pakhosi pamamveka fungo la thonje lopserera, ndiye anthu amati koyilo yapsa. Batire limakhalitsa, koma nalonso lili ndi malire. Batire la lithium likatchajidwa maulendo 300 mpaka 500 limayamba kufooka, moti kwa munthu wotchaja tsiku lililonse ndiye kuti chaka chimodzi kapena kupitirirako pang'ono. Zina zimene zimapha chipangizo ndi madzi odonthera m'kati, pobayira tchaja pakakhwepa, ndi kugwa pansi.

Choncho vape yokhalitsa si imene siwonongeka, popeza yoteroyo kulibe. Ndi imene ziwalo zake zotha msanga zimasinthika, zimapezeka pafupi, ndipo n'zotsika mtengo.

Tiwerengere limodzi

Vape yotaya inkagulidwa pafupifupi mapaundi 5, m'kati muli madzi okwana mamililita 2. Munthu womaliza imodzi pamasiku awiri ankagula 15 pamwezi, kutanthauza mapaundi 75 pa mamililita 30 okha.

Tsopano taonani chipangizo chothiramo nokha madzi. Zambiri mwa zabwino zimagulidwa pakati pa mapaundi 15 ndi 30. Kabotolo ka mamililita 10 kakhala kakugulitsidwa mapaundi atatu kapena anayi, ndiye mabotolo atatu a pamwezi sapitirira mapaundi 12. Onjezanipo ma pod kapena makoyilo atatu, pafupifupi mapaundi atatu iliyonse. Pamwezi zonse pamodzi zikungopitirira pang'ono mapaundi 20. Ndalama yogulira chipangizocho imabwerera mwezi woyamba usanathe.

Masamuwa akuonetsa chinthu chimene ogula ambiri amachiphonya. Mtengo wa chipangizo mumalipira kamodzi, koma madzi ndi makoyilo mumalipira mwezi ndi mwezi. Kuchotsera mapaundi asanu pa tsiku logula n'kutenga chipangizo chodya makoyilo okwera mtengo ndi kudzinamiza.

Msonkho ukuchititsa kuti mfundoyi ikule. Boma la Britain linalengeza msonkho wa mapaundi 2.20 pa mamililita 10 alionse a madzi a vape kuyambira pa 1 Okutobala 2026. Ku South Africa, kumene kuli Amalawi ambiri, msonkho wotere unayamba mu Juni 2023 pa R2.90 pa mililita imodzi, kaya madziwo ali ndi nikotini kaya alibe, ndipo wakhala ukukwera chaka ndi chaka. Pa mtengo woyambirirawo, botolo la mamililita 30 linakwera ndi R87. Kulikonse kumene msonkho ukuwerengedwa pa mililita, chipangizo chomwa madzi pang'ono ndicho bwenzi la wosauka.

Zatsopano zooneka ngati zakale

Makampani sanagone. Lamulo litangoyamba, m'masitolo munadzaza zipangizo zooneka chimodzimodzi ndi zoletsedwa zija, mitundu yomweyo, mayina omwewo, mtengo wosasiyana kwenikweni. Kusiyana kwake n'kwakuti zili ndi pobayira tchaja ndipo pod yake imachoka. Lamulo limati vape ikhale yotchajika, yotha kuwonjezeredwa madzi, ndiponso koyilo yake ikhale yosinthika, ndiye izi zimakwanira pamalamulo.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zambiri mwa izi zili ndi batire laling'ono ndi thupi lapulasitiki yopyapyala. Ma pod ake amabwera othiridwa kale madzi kufakitale, moti simungasankhe madzi otsika mtengo. Choipa kwambiri n'chakuti masitolo ena amagulitsa chipangizocho koma ma pod ake osasunga, ndiye wogula amangotenga chatsopano, chakalecho n'kuponya m'bini monga kale. Wotero sanapulumutse kanthu, wangosintha dzina la chinthu chimene akutaya.

Mitundu itatu, ndi umene ungakuyenereni

Mtundu woyamba ndi womwewu wa ma pod othiridwa kale. Ubwino wake ndi kuphweka: mwachotsa yakale, mwalowetsa yatsopano, basi. Kwa munthu amene manja ake amanjenjemera kapena saona bwino, uwu ndi wothandiza. Koma pa mililita imodzi ndiwo wokwera mtengo kwambiri, ndipo umakumangirirani ku kampani imodzi.

Mtundu wachiwiri ndi wa pod yothira nokha. Mayina odziwika ndi monga Vaporesso XROS, Uwell Caliburn ndi Oxva Xlim, ndipo Innokin ndi Aspire nawonso akhala pamsika kwa zaka zambiri. Izi n'zazing'ono zolowa m'thumba la yunifolomu, zambiri zili ndi thupi lachitsulo, ndipo kakokedwe kake n'kofanana ndi ka ndudu: nthunzi imayamba yadzaza m'kamwa kenako n'kutsikira m'chifuwa. Kwa anthu ambiri ochokera ku zotaya, apa ndi pamene mtengo ndi kulimba zimakumana. Vuto lake ndi limodzi: batire ndi lomatiridwa m'kati, likafa chipangizo chonse chatha.

Mtundu wachitatu ndi wa zikuluzikulu zotchedwa mod, zimene batire lake limachoka. Batire lofala ndi la 18650, dzina lochokera pa kukula kwake, mamilimita 18 m'mimba ndi 65 m'litali. Likafooka mumangogula lina, chipangizo n'kupitiriza kugwira ntchito kwa zaka. Zina, monga za Geekvape Aegis, zinapangidwa kuti zipirire madzi, fumbi ndi kugwa, ndipo n'zoyenera omanga nyumba ndi ogwira ntchito panja. Koma n'zolemera, mtengo wake woyambira ndi wokwera, ndipo zimafuna munthu wodziwa kusamala mabatire.

Pali nambala imodzi imene imalembedwa pa koyilo iliyonse, ndipo ndi imene imalamula ndalama zanu: ma ohm. Koyilo ya 0.8 mpaka 1.2 imagwira ntchito ndi mphamvu yochepa, mawati 10 mpaka 16, ndipo imamwa madzi pang'onopang'ono. Koyilo ya 0.2 kapena kutsikirapo imafuna mawati 50 kapena kuposa, imatulutsa chimtambo cha nthunzi, ndipo imatha kumaliza m'tsiku limodzi madzi amene inayo ikanatha nawo masiku angapo. Batirenso silichedwa kutha. Ngati cholinga chanu ndi kusiya ndudu mosawononga ndalama, chimtambocho n'chosafunika.

Mafunso ofunsa musanatulutse ndalama

Muyambe ndi koyilo, chipangizo pambuyo. Funsani wogulitsa kuti makoyilo kapena ma pod a chipangizocho ndi ndalama zingati, ndipo fufuzani ngati akupezekanso m'masitolo ena awiri kapena atatu a m'dera lanu. Chipangizo chimene ziwalo zake zimapezeka pamalo amodzi okha chidzakusiyani pamsewu tsiku limene sitoloyo idzatseke.

Funsaninso ngati ma pod akewo amalowa m'zipangizo zina za kampani yomweyo. Mwachitsanzo, ma pod a XROS amalowana pa mibadwo ingapo ya chipangizocho. Zikatero, kampani siingasiye msanga kuwapanga, ndipo chipangizo chikatayika, ma pod amene munasunga sapita pachabe. Pa chifukwa chomwechi, chipangizo chimene chakhala pamsika chaka chimodzi kapena ziwiri n'chodalirika kuposa chongotuluka kumene. Mtengo wake umakhala utatsika, zofooka zake zimakhala zitadziwika, ziwalo zake zili ponseponse.

Yang'anani kukula kwa batire. Pa chipangizo chaching'ono, la 1000 mAh limakwanira tsiku lonse kwa anthu ambiri, ndipo batire lotchajidwa kamodzi patsiku limakhalitsa kuposa lotchajidwa katatu. Pobayira tchaja pakhale pa USB-C, pofanana ndi mafoni ambiri a masiku ano. Chigwireni m'manja chipangizocho, muone ngati pod ikukhala molimba kapena ikugwedera. Yothira madzi chapamwamba ndi yosavuta kuposa yofuna kuchotsa kaye n'kutsegula kamphira kapansi, kamene kamang'ambika pakapita nthawi. Ngati thanki ndi yagalasi, funsani ngati galasi lapadera likupezeka.

Pomaliza, funsani za chitsimikizo cha kampani, ndipo lisiti musataye. Zophophonya za kufakitale zambiri zimaonekera m'milungu yoyambirira.

Kutchipa kumene kumavulaza

Pali malo amene simuyenera kufuna zotchipa. Oyamba ndi mabatire ochoka aja. Batire lenileni la 18650 silipitirira kwenikweni 3,600 mAh, ndiye mukaona lolembedwa 5,000 kapena 9,900 dziwani kuti ndi bodza, ndipo batire labodza likhoza kuphulika. Gulani kwa ogulitsa odziwika. Musaliike lokha m'thumba limodzi ndi makiyi kapena makobidi, chifukwa chitsulo chikakhudza mbali zake ziwiri limatentha n'kuyaka, ndipo anthu apsapo ntchafu mwa njira imeneyi. Kabokosi kapulasitiki kosungiramo n'kotchipa kwambiri. Chikopa chapulasitiki chokuta batire chikang'ambika, lekani kuligwiritsa ntchito mpaka litakutidwanso.

Malo achiwiri ndi katundu wachinyengo. Ku Britain malamulo ndi omveka: thanki kapena pod isapitirire mamililita 2, kabotolo ka madzi a nikotini kasapitirire mamililita 10, ndipo nikotini asapitirire mamiligalamu 20 pa mililita. Katundu aliyense ayenera kulembetsedwa ku bungwe la MHRA, ndipo mndandanda wake uli pa intaneti. Makampani ambiri amaika kanambala kokanda pabokosi koti mutsimikizire pa tsamba lawo kuti katunduyo ndi weniweni. Chilichonse chotulutsidwa kunsi kwa kauntala, kapena chogulitsidwa pa Facebook ndi munthu wosadziwika, chisiyeni. Vape yakaunjika nayonso si yoyenera, popeza simungadziwe zimene batire lake ladutsamo.

Malo achitatu ndi madzi. Mu 2019 ku America kunabuka matenda a m'mapapo amene anagoneka m'chipatala anthu oposa 2,800 ndipo 68 anamwalira. Ofufuza anapeza kuti gwero lalikulu linali vitamin E acetate, mafuta amene ogulitsa mozemba ankasakaniza m'madzi okhala ndi mankhwala a chamba. Phunziro lake n'lakuti m'chipangizomo musathiremo kanthu kena kalikonse kupatula madzi opangidwira ntchitoyo, ochokera kwa wogulitsa wovomerezeka. Mabotolowo muziika patali ndi ana, chifukwa nikotini womwedwa ndi poizoni.

Kasamalidwe ndiko kumatalikitsa moyo

Zipangizo ziwiri zofanana zikhoza kukhala china miyezi itatu, china zaka ziwiri, kusiyana kwake kuli m'manja mwa mwiniwake. Mukaika koyilo yatsopano, thirani madzi n'kudikira mphindi zisanu mpaka khumi kuti thonje limwe. Kukoka lisananyowe kumapsereza koyilo tsiku lomwelo. Musalole madzi kutheratu, onjezerani akadali m'mwamba mwa timabowo ta thonje. Musakoke motsatizanatsatizana osapumira, perekani mpata kuti thonje linyowenso.

Madzi otsekemera kwambiri amapha koyilo msanga, chifukwa zotsekemeretsa zimapserera pachitsulo n'kusiya makoko akuda. Ambiri ochokera ku zotaya anazolowera kutsekemera kotereku, koma amene asintha n'kutenga madzi osatsekemera kwambiri amaona koyilo ikukhalitsa. Pa chipangizo chaching'ono sankhani madzi opyapyala, olembedwa 50/50, popeza okhuthala salowa bwino m'timabowo ting'onoting'ono.

Kamodzi pa masiku angapo, chotsani pod n'kupukuta ndi tishu pamene imakhudzana ndi batire. Chinyezi chodikha pamenepo ndicho chimachititsa kuti chipangizo chizingophethira osayaka. Musachisiye pa tchaja usiku wonse, musachitchajire pabedi, ndiponso musachisiye m'galimoto yotentha ndi dzuwa.

Opita kumudzi patchuthi akumbukire kuti vape ndi mabatire ake zimaloledwa m'chikwama cha m'manja chokha, osati m'sutikesi yopita kunsi kwa ndege. Thanki yodzaza imadontha ndege ikakwera, ndiye ndi bwino kuikhuthula. Tenganinso makoyilo okwanira ulendo wonse, chifukwa a mtundu wanuwo mwina simukawapeza ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Fufuzani malamulo a maiko amene mudutsemo, popeza ena, monga India, Thailand ndi Singapore, analetsa ma vape. Ndipo mukafika, musaisiye poti ana a achibale aiyese.

Chipangizo chikafa, chisapite m'bini. Ku Britain masitolo ogulitsa ma vape amayenera kulandira akale kuti akakonzedwenso.

Cholinga chisaiwalike

Vape si mpweya wabwino. Nikotini amamanga munthu, ndipo zotsatira za kukoka nthunziyi kwa zaka makumi angapo zikufufuzidwabe. Bungwe la WHO limachenjeza kwambiri, makamaka pa achinyamata. Komabe a zaumoyo ku Britain amanena kuti kwa munthu wosuta, vape ndi yosavulaza kwambiri poyerekeza ndi ndudu, ndipo kafukufuku wa bungwe la Cochrane anapeza umboni wamphamvu wakuti ma vape a nikotini amathandiza anthu ambiri kusiya kusuta kuposa zigamba ndi chingamu cha nikotini. Phindu limeneli limabwera munthu akasiyiratu ndudu. Kukoka vape kuntchito n'kumasutabe madzulo kumasiya ngozi ya ndudu ili pomwepo.

Pachifukwachi, okhala ku England asathamangire kusitolo asanafunse ku ofesi yothandiza anthu kusiya fodya ya m'dera lawo. Mu 2023 boma linakhazikitsa ndondomeko ya Swap to Stop, yofuna kupereka ma vape aulere kwa osuta okwana miliyoni imodzi, pamodzi ndi uphungu. Uphunguwo ndi wofunika kuposa chipangizocho, chifukwa amene amathandizidwa ndi alangizi amakhala ndi mwayi waukulu wosiyiratu.

Chipangizo chothira nokha chili ndi ubwino wina umene zotaya zambiri zinalibe. Zotaya zinkabwera kawirikawiri ndi nikotini wa mamiligalamu 20, wapamwamba penipeni pa lamulo. Ndi chothira nokha mungayambe pa 20, pakapita miyezi n'kutsikira pa 10, kenako pa 5, mpaka madzi opanda nikotini. Musathamange, chifukwa kutsika msanga kumabweretsa chibaba, ndipo chibaba chimabwezera munthu ku ndudu. Muzisunga koyilo yapadera ndi kabotolo kamodzi m'chikwama cha kuntchito, kuti kuwonongeka kwa kachiwalo ka mapaundi atatu kusakugwetsereni ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi.

Mwachidule, gulani chipangizo chachitsulo, chothira nokha, cha kampani yodziwika, chokhala ndi koyilo yomwa madzi pang'ono imene mungaipeze m'masitolo angapo. Chisamaleni kuti chikufikitseni chaka kapena kuposerapo, ndipo chakacho muchigwiritse ntchito potsitsa nikotini. Mukatero, batire lake likamadzafooka mudzakhala ndi ufulu wosankha ngati mukufunanso china, ndipo mapaundi 20 a pamwezi aja akhoza kupita pa fizi ndi feteleza.